Kuyenda ndi agalu a eni ake: momwe ndinapezera makasitomala oyamba

Ntchito yomwe ndayamba ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi kutenga galu wa munthu n'kukayenda naye pamene mwini wake ali kuntchito kapena sangathe kuyenda. Inayo ndi kusamala agalu ndi amphaka eni ake akachokapo kwa masiku angapo. Kusamala ziweto ndinkakudziwa kale, chomwe chinavuta ndi kupeza munthu woyamba wondikhulupirira. Mitengo ya zinthu imasiyana malo ndi malo, choncho m'malo molemba ndalama ndiziwerengera ndi "ulendo", kutanthauza malipiro omwe ndimalandira ndikayenda ndi galu mmodzi kwa mphindi 30.

2 Seputembala: zida

Ndagula chingwe cholimba cha mamita awiri, cha ngowe yachitsulo, pa mtengo wa maulendo awiri. Chingwe chija chodzikulunga chokha m'kabokosi ndachisiya dala. Galu akatsogola ndi mamita asanu ndiye kuti wafika kale pamsewu inu mudakali kumbuyo, ndipo kachingwe kake kopyapyala kamatema zala mukakagwira galu akuthamanga. Ndagulanso chingwe chachiwiri chongokoleka m'khosi, choti chizikhala m'chikwama, timajumbo totolera ndowe, botolo la madzi, kambale kopindika, bandeji ndi kachida kozulira nkhupakupa. Zonsezi zakwana maulendo anayi. Tizakudya tonyengerera galu sindinagule. Ndizigwiritsa ntchito tomwe mwini galu wandipatsa, popeza agalu ena amadwala ndi zomwe anzawo amadya bwinobwino.

Yodula kuposa zonse ndi inshuwalansi, pafupifupi maulendo 15 pachaka. Musanalipire funsani ngati ikukhudza galu akaluma munthu ali m'manja mwanu, galu akavulala, makiyi a kasitomala akatayika, ndiponso zochitika m'nyumba ya kasitomala osati panjira pokha. Funsaninso ku ofesi ya boma ya kwanuko, chifukwa madera ena amafuna chiphaso, makamaka ngati muzisunga agalu a anthu kunyumba kwanu.

10 Seputembala: timapepala pamageti

Ndinasindikiza timapepala totsatsira ntchito, mtengo wake maulendo atatu, n'kumalowetsa pa geti lililonse pomwe ndamva galu akuuwa. Foni inangoti zii. Yemwe anaimba ndi bambo wina wofunsa ngati ndimagulitsa tiana ta agalu.

Nditawerenganso kapepalako ndi maso a mwini galu, ndinaona pomwe kakuperewera. Kanali ndi chithunzi cha galu wokongola, mawu akuti ndimakonda agalu, mtengo ndi nambala ya foni. Koma wowerengayo sakufuna kudziwa ngati ndimakonda agalu. Mumtima mwake akufunsa kuti, ameneyu ndi ndani, ndingamupatse makiyi a nyumba yanga ine ndili kutali? Kapepala kanga sikanayankhe zimenezo. Tatsopano tidzakhala ndi nkhope yanga, dzina langa lonse, mawu osonyeza kuti ndili ndi inshuwalansi, ndi mzere umodzi wakuti tionane kaye, kwaulere.

18 Seputembala: pa intaneti

Ndinatsegula tsamba pa Facebook n'kulengezanso m'gulu la anthu a dera lathu. Oyamikira anachuluka, koma ambiri anali achibale ndi anzanga omwe alibe ndi galu yemwe. Ndinalembetsanso pa app ina yolumikizitsa eni ziweto ndi osamala ziweto. Kulembetsa n'kwaulere, eni app amangodula gawo lawo pa malipiro aliwonse. Kumeneko anthu amasankha poyang'ana ndemanga za makasitomala akale, ndiye watsopano amene alibe ndemanga palibe omufika. Kuti upeze ntchito pafunika ndemanga, kuti upeze ndemanga pafunika ntchito.

Ndachita ziwiri pofuna kutulukamo. Kumapeto a sabata ndikumapita kukathandiza kumalo osungirako agalu osowa eni. Kulibe malipiro, koma m'mawa umodzi umagwira agalu a makhalidwe osiyanasiyana: okoka chingwe, amantha, olumphira anthu, okana n'kuyenda komwe. Woyang'anira malowo wavomera kuti wofuna kudziwa za ine aziwafunsa. Chachiwiri, ndikuyenda ndi galu wa aneba madzulo kwa sabata imodzi kwaulere. Tinagwirizana poyamba pomwe kuti sabatayo ikatha adzandilembera mizere ingapo ya umboni. Ntchito yaulere iyenera kukhala ndi tsiku lothera lotchulidwa, apo ayi imasanduka yamuyaya ndipo kudzatchula mtengo pambuyo pake kumachititsa manyazi nonse awiri.

Pali phindu lina lomwe sindinaliganizire. Ukamadutsa njira yomweyo nthawi yomweyo uli ndi galu, eni agalu ena amayamba kukupatsa moni, agalu n'kumanunkhizana, kenako funso limabwera lokha loti galuyu ndi wanu kodi.

28 Seputembala: kuchipatala cha ziweto

Lero ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse. Linayamba mu 2007, ndipo analiika pa deti lomwe anamwalira Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa matendawa. Kuchipatala cha ziweto kunali mzere wa obayitsa agalu awo. Sindinagawe kanthu pamzerewo, ndinadikira mpaka anthu atachepa, n'kupita kwa mayi olandira alendo.

"Mayi, ndayamba ntchito yoyenda ndi agalu. Mungandilole kusiya makadi angawa patebulo panu?"

"Makadi si nkhani. Koma tikakutchulani kwa munthu, dzina lathu lapita nanu limodzi. Tandiuzani, galu atakulumani mungatani?"

Ndinayankha kuti ndingatsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, nditatenga khadi la katemera la galuyo. Anafunsanso za tiana ta agalu. Ndinati sindituluka ndi kagalu komwe sikanamalize akatemera ake, omwe amatha kakafika masabata 16 kapena cha pomwepo, chifukwa kachirombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo kamapha tiagalu mwachangu. Anatenga makadiwo n'kuwaika m'dirowa, osati patebulo. Anati azipereka okha kwa amene wafunsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa agalu, ndipo zizindikiro zikangoonekera pafupifupi aliyense amamwalira. Lamulo langa loyamba lachokera pamenepa: popanda kuona khadi la katemera ndi maso anga, sindigwira chingwe. Uliponso katemera wobayitsiratu wa anthu ogwira ntchito ndi nyama, ndipo ndi bwino kukafunsa za iye kuchipatala.

7 Okutobala: kasitomala woyamba

Foni yoyamba yeniyeni yachokera kuchipatala chija. Ndi agogo aakazi omwe achitidwa opaleshoni ya bondo, ali ndi galu wamkulu wa zaka 6 yemwe wangokhala pakhomo chiwachitireni opaleshoniyo. Ndinapita kukaonana nawo, ndipo kukumana kumeneku ndikuona kuti ndi kumene kumabala ntchito kapena kuipha.

Polowa sindinafike kwa galu. Ndinaima cham'mbali, manja ali pansi, n'kumacheza ndi agogo, galu n'kubwera yekha kudzanunkhiza nsapato ndi thalauza. Alendo ambiri amathamangira kusisita mutu, chonsecho agalu ambiri safuna dzanja lachilendo pamwamba pa maso awo. Ndinkayang'ana ngati akuyasamula, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali kapena kuonetsa zoyera za m'maso, zomwe zimasonyeza kuti mtima suli m'malo. Mchira nawo musaukhulupirire msanga. Ukakhala wokwera, wouma, n'kumagwedezeka pang'onopang'ono, galuyo sakusangalala. Uyu anayasamula poyamba, kenako anagona pafupi ndi phazi langa.

"Agogo, pali chomwe amaopa panjira?"

"Njinga zamoto, mwanangu. Komanso musamugwire mwendo wakumbuyowu, umamuwawa."

Ndinatulutsa pepala la mafunso n'kumalemba iwo akuona. Lili ndi za katemera, mankhwala omwe galu akumwa, zakudya zomwe zimamudwalitsa, momwe amachitira ndi agalu ena, ndi ana, ndi amphaka, ngati ali ndi microchip (kachipangizo komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu), nambala ya dokotala wake, ndi munthu wachiwiri woti ndimuimbire iwo akapanda kuyankha. Funso loti kodi anayamba walumapo munthu ndi lovuta kufunsa, ndipo eni ake ambiri amayankha moteteza galu wawo. Ndimayamba ndi kufunsa kuti n'chiyani chimamupsetsa mtima, nkhani ikayamba kuyenda funso lalikululo limalowa mosavuta. Pansi pa pepala pali malo osaina, ondipatsa chilolezo chothamangira naye kwa dokotala pakagwa zadzidzidzi, ndi kutchula yemwe adzalipire. Ndinaona kuti pamene ndinkalemba ndi pamene agogo anayamba kumasuka. Anati palibe ndi mmodzi yemwe anawafunsapo zimenezi.

Tinazungulira kaye mtunda waufupi ndi mdzukulu wawo, iye atagwira chingwe popita, ine pobwerera. Tinagwirizana kuti ndizibwera galu asanadye, kapena patapita ola limodzi kapena awiri atadya, chifukwa agalu akuluakulu a chifuwa chozama amatha kupotokola chifu, ndipo zimenezo zimapha m'maola ochepa. Kiyi wa geti ndinamulemba m'kabuku iwo n'kusaina. Pakiyi sindinamatepo dzina kapena adiresi, kachizindikiro kokha kodziwa ine.

Ndikamaliza ulendo uliwonse ndimatumiza uthenga pa WhatsApp: chithunzi chimodzi, komwe tafika, ngati wachita chimbudzi ndi momwe chinalili, kuti madzi wamwa ndipo geti ndakhoma. Zimanditengera mphindi ziwiri. Agogo amatumiza uthengawo kwa ana awo, ndipo ndikuona kuti ukuyenda kutali kuposa timapepala tanga tonse tija.

16 Okutobala: galu wavula lamba

Njinga yamoto inalira mwaphokoso kumbuyo kwathu, galu wa agogo n'kukokera chammbuyo, lamba wam'khosi n'kudutsa m'makutu. Ndinatsala ndi chingwe m'manja. Galu wochita mantha mukamuthamangitsa amawonjeza liwiro, choncho ndinanjuta, n'kumuitana ndi mawu omwe agogo amamuitanira, nditatulutsa kachakudya kake. Anaima patali, n'kubwera mozengereza, ndipo ndinamukoleka chingwe chachiwiri chija.

Lambayo anali womasuka. Muyeso wake ndi woti pakati pa lamba ndi khosi pazilowa zala ziwiri zokha, ndipo mukamukokera kumutu asadutse makutu. Tsopano ndimayesa zimenezi kwa galu aliyense geti lisanatsegulidwe. Ndagulanso lamba wapachifuwa wotheka kukulitsa ndi kuchepetsa, maulendo atatu, ndipo kwa galu wamantha ndimakola chingwe ku malamba onse awiri.

Agogo ndinawafotokozera zonse ndisanachoke pakhomopo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mukanabisa sindikanadziwa. Mawa mubwere nthawi yomweyo." Sabata isanathe mwana wawo wamwamuna anandiimbira. Ali ndi agalu awiri ndipo amakhala chapafupi.

26 Okutobala: kutentha

Kwatentha kwambiri masiku ano. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39, likadutsa 41 moyo uli pachiswe. Agalu a mphuno zophwatalala, monga pug ndi bulldog, ndiwo amavutika msanga chifukwa mpweya umadutsa movutikira. Phula nalo limawotcha mapazi. Ndimaika kuseri kwa dzanja paphula kwa masekondi angapo, ndikalephera kupirira ndiye kuti galunso sayenera kupondapo.

Maulendo onse ndawasamutsira m'mamawa ndi madzulo. Bambo wina yemwe anali atangondipeza, mwini pug, anafuna kuti ndizibwera masana enieni, nthawi yomwe galu amakhala yekha. Ndinawapempha kuti masana ndizingobwera kudzamutulutsa pamthunzi, kumupatsa madzi ndi kusewera naye m'nyumba, kuyenda kukhale madzulo. Anakana, anati akufuna woyenda naye masana, n'kupita kwina. Zinandipweteka, chifukwa ndalama imeneyo ndinali nditaiwerengera kale, koma sindikanatha kutulutsa galu wotere dzuwa lili paliwombo. Maganizo omwewo ndinawafotokozera mayi wina n'kuwalandira, ndiye pabadwa ntchito yachitatu: kuzonda galu masana kwa mphindi 20, pa mtengo wocheperako.

Galu akayamba kudzandira, dovu lili chuchuchu, lilime litafiira kwambiri, mupititseni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo pitani naye kwa dokotala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

4 Novembala: mtunda ndi mtengo

Poyamba ndinaika mtengo wotsika kuti ndikope anthu. Unakopadi, koma ambiri anali akutali, oti kwawoko aona kuti n'kodula. Ulendo wa mphindi 30 unkadya maola awiri ukaphatikiza kupita ndi kubwera, ndipo ndikachotsa zoyendera pankatsala zochepa. Ndajambula malire pamapu, mphindi 15 panjinga kuchokera kunyumba. Wopitirira pamenepo ndimamupepesa. Makasitomala atatu a msewu umodzi amapindulitsa kuposa asanu omwazikana.

Mtengo ndaukweza kufika pomwe ena ogwira ntchitoyi amalipiritsa. Makasitomala akale ndawalembera kudakali mwezi wathunthu, ndipo agogo aja akhala pa mtengo wakale mpaka chaka chithe. Vuto lina linali lofika pageti n'kupeza mwini galu ali pakhomo, akuti lero musavutike. Nthawiyo ndinali nditakanira wina. Tsopano wosintha maganizo andiuze dzulo lake, akandiuza tsiku lomwelo alipire theka, ndipo malipiro ndi a sabata yonse, operekedwa Lolemba. Mmodzi sanagwirizane nazo n'kusiya. Enawo anangoti zamveka.

14 Novembala: amphaka

Mayi wina yemwe timakumana panjira ndi galu wake anandilumikiza ndi mchemwali wake, wochokapo kwa sabata, wa amphaka awiri. Mphaka amakonda malo ake, choncho sindinawasamutse, ndinkapitako m'mawa ndi madzulo. Ndinangogula magolovesi okha.

Mmodzi ankandichingamira pakhomo. Winayo sindinamuone tsiku loyamba ngakhale lachiwiri. Chakudya chinkachepa m'mbale, koma panalibe chondiuza kuti onse awiri akudya, ndipo apa ndi pomwe pali ngozi. Mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, makamaka wonenepa, chiwindi chimayamba kudzaza mafuta ndipo amatha kudwala kwambiri. Ndinafufuza chipinda ndi chipinda mpaka kumupeza kuseri kwa kabati ya zovala. Sindinamukoke. Ndinatsekera mnzake kuchipinda china, n'kuika chakudya choyeza bwino, madzi ndi bokosi la mchenga lochitiramo chimbudzi pafupi ndi pobisalirapo. Mwini wake anandiuza pafoni kuti ndifunditse chakudyacho pang'ono kuti fungo limveke. Ndinakhala pansi chapatali osamuyang'ana, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sanatuluke ine ndilipo, koma m'mawa mwake mbale inali mbee ndipo mumchenga munali umboni.

Pepala la mafunso lija lakula. Tsopano ndimafunsa komwe mphaka amabisala, ndipo sindichoka m'nyumba ndisanaone chiweto chilichonse ndi maso anga. Mchenga ndimauyang'ana tsiku lililonse, chifukwa mphaka wamwamuna akamapitapita kubokosi, kukankha koma mkodzo osatuluka, afunika dokotala ola lomwelo. Mankhwala a anthu sindipatsa chiweto, paracetamol amapha mphaka. Maluwa a mtundu wa lily nawo amawononga impso za mphaka, ndiye ndikawapeza patebulo ndimapempha kuwachotsa. M'chikwama changa simulowanso chokoleti, mphesa kapena chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, popeza zonsezi ndi poizoni kwa galu, ndipo galu satenga nthawi kupisa mphuno m'chikwama chosiyidwa pansi.

Poyerekeza nthawi ndi malipiro, kusamala amphaka kukulipira bwino kuposa kuyenda ndi agalu. Pa timapepala toyamba amphaka sindinawatchule n'komwe.

25 Novembala: agalu a nyumba ziwiri pamodzi

Ndinayesa kuphatikiza agalu a nyumba ziwiri pa ulendo umodzi, eni ake onse atavomera. Sizinayende. Wamkaziyo anali akulowa nyengo yofuna amuna, mwini wake asanazindikire, ndiye mnzakeyo sanakhazikike ndipo agalu ena anatilondola njira yonse. Nyengoyi imabwera pafupifupi kawiri pachaka ndipo imatha masabata awiri kapena atatu. Funso limeneli ndaliwonjezera papepala. Wamkaziyo aziyenda yekha m'njira zopanda agalu mpaka nyengoyo ithe. Kuphatikiza ndidzayesanso ndi agalu omwe ayamba ayendera limodzi motalikirana, aliyense ndi womugwira wake.

9 Disembala: tchuthi chayandikira

Ofuna owasamalira ziweto pa tchuthi achuluka kuposa momwe ndingathere. Nditayang'ana m'kabuku komwe aliyense anamvera za ine, ambiri achokera kuchipatala cha ziweto, kubanja la agogo aja, ndi kwa eni agalu okumana nawo panjira. App ija yayamba kubweretsa anthu ndemanga zitaoneka, ndipo timapepala tatsopano ta nkhope yanga tabweretsa ochepa. Wosungitsa malo akulipiriratu theka. Ena ndawakana, chifukwa m'mawa ndi madzulo maola ake ndi omwewo kwa nyumba zonse, ndipo kuvomera aliyense n'kufika mochedwa paliponse. Ndagula kabokosi kachitsulo kokhoma kosungiramo makiyi, maulendo awiri, popeza achuluka ndipo sayenera kuyenda onse m'thumba limodzi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano ndi kudwala. Nditagona tsiku limodzi eni nyumba ali kutali, ziweto zingakhale zotsekeredwa popanda wozipatsa madzi. Mnzanga wina yemwe timathandiza naye kumalo osungirako agalu wavomera kukhala wondilowa m'malo. A inshuwalansi akuti dzina lake liyenera kulembedwa, ndipo ziwonjezera maulendo asanu pachaka. Kasitomala aliyense ayenera kumuona ndi kuvomera makiyi asanafike m'manja mwake. Sabata ino tiyamba kuzungulira limodzi nyumba zonse, kuyambira kwa agalu awiri a mwana wa agogo, chifukwa wamng'onoyo amachedwa kuzolowera munthu wachilendo ndipo afunika kumuona kangapo tchuthi chisanafike.